Hichi Imene Anatseka Apongozi Anga

Inu owerenga, ndiyambe ndi kuvomera kuti ine ndinatsala pang'ono kupha akazi anga, mwana wanga ndi apongozi anga pa msewu, masanasana, anthu akuona. Sindinalawe mowa, sindinali pa foni, ndipo sindinkathamanga. Chimene chikanatimaliza tsiku limenelo ndi ulemu. Ee, ulemu womwewu umene anatiphunzitsa makolo, umene timatamana nawo kuno ku Amereka kuti ife tili nawo, eni dziko alibe. Onse atatu ali moyo, n'chifukwa chake ndikulemba ndi mtima woyamika. Koma ndapota nanu, werengani mpaka kumapeto, makamaka inu amene mumakoka kalavani kapena ngolo iliyonse kumbuyo kwa galimoto.

Ine ndimakhala ku South Bend, ndimagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba. Dera lathu lino makalavani ali mbwee ngati njinga za kabaza kwathu, poti amapangidwira pafupi pomwepa ku Elkhart. Kalavani ndi kanyumba ka matayala, muli mabedi, kakhitchini ndi kachimbudzi, ndipo umakakoka ndi galimoto kupita nako kumene ukufuna. Yanga ndinagula kwa madala ena achizungu amene tinayandikana nyumba. Akazi awo atamwalira anati alibenso woyenda naye, bola aigulitse kwa munthu wa banja. Koma madala amenewo anali ovuta, abale! Anakana kundipatsa makiyi mpaka nditaphunzira kuimanga ndi kuimasula iwo akuyang'ana. Ndinkachita kutuluka thukuta uku ndikung'ung'udza chamumtima kuti kodi akuluwa akundigulitsa ndege kapena chiyani. Anatisiya kale, koma akanakhala kuti alipo ndikanawanyamulira tambala wathunthu.

Ndikufotokozereni pang'ono zimene anandiphunzitsa, kuti muone pamene ndinalakwira. Malo amene galimoto ndi kalavani zimalumikizana timati hichi. Kumbuyo kwa galimoto kumakhala mpira wachitsulo, ndipo kutsogolo kwa kalavani kumakhala chisoti chachitsulo chimene chimavala mpirawo. Umapukusa jeke amene amanyamula kutsogolo kwa kalavani, chisoticho chimatsika mpaka kuumeza mpira wonse, kenako umatsitsa chotsekera chimene chili pamwamba n'kubayapo pini. Mkati mwa chisoti muli kachitsulo kamene kamakola mpira kunsi kwake kuti chisoticho chisavuke. Tsono vuto ndi ili: chisoti chikangokhala pamwamba pa mpira osaumeza, chotsekera chimathabe kutsika, pini n'kulowa bwinobwino, iwe ukamayang'ana uli chiimire n'kumati zonse zili m'malo, pamene kalavani yangotsamira pa mpira ndi kulemera kwake basi. Madala aja ankati maso a munthu woimirira amanama. Uzigwada n'kusuzumira kunsi, kenako uzipukusanso jeke ngati ukufuna kuichotsa kalavaniyo. Ngati yagwiradi, kumbuyo kwa galimoto kumanyamuka nayo limodzi. Ngati sinagwire, chisoti chimangovuka chokha pabwalo pako pomwepo, pamene palibe angavulale.

Anandiphunzitsanso kupingasa matcheni awiri kunsi kwa hichi, kuti chisoti chikavuka chigwere pa matcheniwo, chisalase pansi. Palinso kawaya kakang'ono kamene umakoleka ku galimoto. Kalavani ikachoka pa mpira, kawayako kamazula kapini, ndipo mabuleki a kalavani amagwira okha ndi moto wa kabatire kake kapadera. Kabatire kameneko anthu ambiri sakayang'ana n'komwe, kamafa iwo osadziwa. Ine chaka chilichonse chisanu chikatha ndinkakatchaja, n'kuzula kapini kaja dala kuti ndione ngati matayala akugwira. Ndinkapaka gilizi pa mpira, kuyang'ana ngati dzimbiri silinadye matcheni, ndi kupita nayo kwa makaniko kuti atsegule matayala aone mabuleki. Anzanga Achimalawi anafika pondipatsa dzina loti a Tirafiki, ati ndimaimitsa ngakhale galimoto yanga yomwe n'kuifunsa mapepala. Ndinkangoseka, chifukwa ndinkadziwa kuti pa nkhani ya hichi ine sindingalakwitse.

Chaka cha ngoziyi apongozi anga aamuna, bambo awo a akazi anga, anabwera kuchokera ku Kasungu kudzaona mdzukulu wawo Tadala, amene nthawi imeneyo anali ku pulayimale. Inu mukudziwa mmene zimakhalira kwathu pakati pa mkamwini ndi apongozi. Timaopana. Suwayang'ana m'maso, sudya nawo mbale imodzi, moni umapereka uli chapatali utanjuta, ndipo ukakhala ndi mawu umatuma mkazi wako. Kumudzi zimatheka, poti bwalo ndi lalikulu ndipo njira ndi zambiri. Tsono tayerekezani mwambo umenewu m'nyumba ya ku Amereka ya kakolido kamodzi kopapatiza! Ndikamva masilipasi awo akubwera ndinkathawira m'bafa ngakhale ndilibe chokachitamo. Iwo akamva ine ndikutsokomola ankabwerera kuchipinda. Mayi a Tadala ndiwo anali lamya yathu. Bambo akuti zikomo chifukwa cha jekete. Muwauze kuti palibe kanthu. Zinkayenda choncho, mpaka Tadala anachita kufunsa amayi ake pa Chingerezi ngati ine ndi agogo ake tinayambana.

Musaganize kuti tinkadana, ayi ndithu. Ndinkawakonda akuluwa, ndipo ndimawakondabe. Moyo wawo wonse anali dalaivala wa thirakitala pa esiteti ya fodya, munthu wa manja, wosadziwa kukhala pansi. Kuno analibe chochita, moti ankasesa pabwalo posesa kale, n'kumanola mipeni yonse ya m'nyumba. Ndinkawaonera pa windo akuzungulira kalavani ija manja ali kumbuyo, akugogoda matayala, akuwerama kuyang'ana kunsi, ndipo ndinkamva chisoni kuti munthu amene ankakoka mabelo a fodya wasanduka mlonda wa TV.

M'mwezi wa Julaye a Chirwa, anzathu a ku Lawrence mu Indianapolis, anali ndi chinkhoswe cha mwana wawo wamkazi. Alendo anali oti abwera ambiri kuchokera kutali, malo ogona n'kuchepa, ndiye anandipempha kuti ndibwere ndi kalavani tikaiimike pabwalo pawo kuti ena akagonemo. Amayi a kuno ku South Bend atamva kuti kalavani ikupita, aliyense anabweretsa chake: zigubu za thobwa, mabeseni a mandasi, mipando yopinda, mpaka inadzaza ngati lole ya kumsika. Tinagwirizana kuti ine nditsogole ndi pikapu yokoka kalavani, ndipo mayi a Tadala azinditsatira pambuyo pa galimoto yaing'ono atatenga Tadala ndi bambo awo. Panalibe wofunsa chifukwa chake, aliyense ankadziwa kuti ine ndi apongozi sitingakhale mpando umodzi mpaka ku Indianapolis.

M'mawa wa ulendowo ndikubweza pikapu kuti ifike pa kalavani, ndinangoona pa galasi apongozi ataima kumbuyo akundikodola ndi dzanja, bwerani, bwerani, khotani pang'ono, basi. Anandifikitsa ndendende pansi pa chisoti kamodzi n'kamodzi, chinthu chimene ine ndi akazi anga sitinachitepo popanda kukangana. Ndinatsika, iwo n'kufutukira chapatali monga mwa mwambo. Ndinapingasa matcheni, ndinakoleka kawaya ka mabuleki, ndinalumikiza waya wa magetsi, n'kuyamba kupukusa jeke kuti chisoti chitsike. Chisanafike n'komwe pa mpira, akazi anga anandiitana m'nyumba kuti kuntchito akuimba, akufuna kudziwa amene ndasinthana naye shifiti. Ndinasiya jeke ali choncho n'kulowa.

Mmene ndimatuluka ndinapeza ntchito yatha. Chisoti chili pa mpira, chotsekera chatsitsidwa, pini yabayidwa, jeke wakwezedwa mpaka pamwamba. Apongozi anali ataima pambali pake akupukuta gilizi m'manja ndi kansanza, nkhope ili ngwee, akumwetulira mmene sindinawaonerepo chibwerereni kuno. Anatembenukira kwa mwana wawo amene anali pakhomo n'kunena kuti, "Auzeni bambo a Tadala kuti kuno ndamaliza, tikhoza kunyamuka."

Inu owerenga, apa ndi pamene ndikufuna mundimvetsetse. Ndinaona. Sindinganame kuti sindinaone. Chisoti chija chinkaoneka chotukuka pang'ono, ngati chipewa chimene munthu wangochisanjika pamutu osachikokera pansi. Mtima unandiuza kuti gwada usuzumire, tsitsa jeke uyese. Koma apongozi anali ataima pomwepo, nsapato zawo zitatsala pang'ono kukhudza matcheni. Kuti ndiyese, ndinayenera kupita pamapazi awo, kutsitsa jeke amene iwo akweza, kugwedeza chimene iwo atseka, mwana wawo ndi mdzukulu wawo akuonerera. Kwathu kutero ndiye kumuuza munthu wamkulu kuti sadziwa kanthu. Ndinayamba kudzinyengerera ndekha: akuluwa anayamba kumanga ngolo za thirakitala ine ndisanabadwe, mwina ndi maso anga, mwina ndi kutsetsereka kwa pabwalo. Ndinaganiza zoti ndikaima pothira mafuta ndikayang'ana iwo asakuona, koma thanki inali yodzaza kale ndipo tinali titachedwa. Ndinaomba m'manja pang'ono, ndinati muwauze kuti ndathokoza kwambiri, n'kulowa m'galimoto. Ine a Tirafiki, wofufuza chilichonse, ndinauyamba wa ku Indianapolis ndi hichi imene sindinaiyese.

Tinatuluka mu South Bend bwinobwino n'kulowa msewu wa 31 wolowera kummwera. Kalavani inkatsatira mofatsa, moti mantha anayamba kutha, ndinafika poyatsa nyimbo za kwaya n'kumaimba nawo. Uku ndi uku kunali minda ya chimanga yokhayokha. Chimene chinkandinyansa n'chakuti akazi anga ankatsalira kwambiri. Ndikayang'ana pa galasi ndinkaona kagalimoto kawo kali kutali, ndipo ndinkalalata ndekha kuti mayi awa kudiraiva kwawo ngati akuperekeza maliro, tikapeza chinkhoswe chitatha.

Ukapitirira Plymouth pali malo amene njanji imadula msewu. Ndinachepetsa liwiro monga mwa nthawi zonse, koma osati kwambiri. Matayala a pikapu anadumpha njanji, gudu gudu, kenako ndinamva kulira kwa chitsulo kumene sindidzakuiwala, ngati wina wamenya galimoto ndi nyundo yaikulu. Pikapu inakokedwa m'mbuyo mwamphamvu mpaka lamba anandidula pachifuwa. Pa galasi ndinaona kalavani itagwada chakutsogolo, ikupepeluka uku ndi uku, utsi wa matayala uli tolotolo, ndipo galimoto ya akazi anga sinkaonekanso, itabisika mu utsimo. Ndinakuwa kuti Yesu! Phazi linkafuna kuponda buleki mpaka pansi, koma ndinakumbukira madala achizungu aja akunena kuti ikavuka usaponde mwamphamvu, ingakugunde kumbuyo n'kukugubuduza. Ndinagwira chiwongolero ndi manja onse awiri n'kuchotsa phazi pa moto. Kalavani yomweyo, imene mabuleki ake anali atagwira okha, ndiyo inachepetsa liwiro lathu pang'onopang'ono mpaka tinakaima m'mbali mwa msewu.

Ndinatsika msangamsanga. Sindinayang'ane n'komwe hichi, ndinathamangira kumbuyo kwa kalavani, m'mutu muli chinthu chimodzi, kuti kagalimoto kaja kalowa pansi pake. Ndinakapeza kataima chopingasa, matayala awiri ali pa udzu, mphuno yake itatsala pang'onong'ono kukhudza kalavani, moti munthu sakanatha kudutsa pakati pake. Pa msewu panali mizere yakuda ya matayala awo. Akazi anga anali atagwirabe chiwongolero, maso ali tong'o. Tadala ankalira ku mpando wa kumbuyo akuitana kuti Daddy, Daddy. Apongozi anali atatambasulira dzanja limodzi kumbuyo, atagwira bondo la mdzukulu wawo. Palibe amene anali ndi bala ngakhale limodzi. Ndinakhala pansi pa udzu pomwepo n'kulira mokweza, mathiraki akudutsa, osasamala kuti apongozi akundiona.

Mitima itakhala pansi tinapita kukaona kutsogolo. Chisoti chinali chitavuka pa mpira, chotsekera chili chitsekere, pini ili m'malo mwake, kusonyeza kuti sichinagwirepo chichokereni kunyumba. Chinali chitagwera pa matcheni opingasa aja, ndipo ngowe ya tcheni imodzi inali itatsala pang'ono kuwongoka. Kawaya kaja kanali katazula kapini kake. Kukanakhala kuti kabatire kanali kakufa, kalavani ikanandigunda kumbuyo, kudula matcheniwo, n'kuyamba kuyenda yokha pakati pa msewu, ndipo oyamba kukumana nayo akanakhala anthu anga.

Akazi anga mantha atawathera, ukali unabwera. Sindiwada, anali ndi chifukwa. Anandifunsa pamaso pa bambo awo: "Inu bambo a Tadala, mumativutitsa ulendo uliwonse ndi kucheka kwanu kosathako. Lero munacheka ndi jeke kapena ayi?" Ndikanayankha chiyani? Kunena zoona kukanakhala kuloza chala apongozi. Ndinayang'ana pansi n'kunena kuti ndinaiwala.

Apa ndi pamene apongozi analankhula, ndipo sanatume munthu. Anandiyang'ana ine m'maso, koyamba chikwatirireni mwana wawo.

"Simunaiwale, bambo. Ndinakuonani mukuyang'ana, ndinaonanso mukubweza phazi. Munaopa ine."

Ndinasowa kothawira. Iwo anakhala pansi pa udzu pafupi nane, munthu wa imvi zake, n'kufotokoza zimene zinandiumitsa thupi kuposa ngoziyo. Anati ngolo za ku esiteti amamanga ndi chitsulo chobaya pabowo, chimene umachiona ndi maso kuti chalowa, ndipo za mpirazi anali asanazigwirepo. Pamene ankatsitsa chotsekera anamva kuti chikulimba mosayenera, anachita kuchikhoma ndi chibakera, ndipo mtima wawo sunakhazikike. Ankayembekezera kuti ine ndibwera kudzayang'ana monga mmene ankandionera masiku onse. Ataona kuti ndangothokoza n'kulowa m'galimoto anafuna kundiitana, koma anati mlendo angamuuze bwanji zochita mwini khomo, komanso mkamwini, pamaso pa mkazi wake? Ndiye anangokhala chete. Chimene anatha kuchita n'kumauza mwana wawo njira yonse kuti asayandikire kalavani, atsalire, atsalirenso, koma osanena chifukwa chake. Kutsalira kuja kumene ine ndinkalalatira n'kumene kunawapatsa mpata woti aime.

Taonani, inu owerenga. Amuna awiri akuluakulu, tonse tikukayikira chinthu chimodzi, tonse tili duu, aliyense akuti akulemekeza mnzake, kwinaku taika mwana wamng'ono kumbuyo kwa chinyumba cholemera chosamanga. Amati manyazi anapha lambe, ife akanatiphera Tadala. Akazi anga atamva zimenezi anatikalipira tonse awiri, ine ndi bambo awo omwe. Anati kuyambira lero ntchito ya lamya aisiya, amene ali ndi mawu azinena yekha, pakamwa aliyense ali napo. Apongozi anaseka misozi ili m'maso, anati mwanayu anatengera amayi ake.

Wapolisi wina anaima n'kutitchingira msewu ndi magetsi a galimoto yake. Atasuzumira pa matcheni ndi kawaya kaja anangopukusa mutu n'kunena kuti tikathokoze Mulungu wathu. Anatiitanira galimoto yonyamula zinzake zowonongeka, imene inatenga kalavani kupita nayo ku galaja ku Plymouth, poti chisoti chinali chitapindika, jeke atathyoka, ndipo matayala anali ataperesekera mbali imodzi. Titatsegula chitseko kuti titenge katundu, ha! Thobwa lonse linali pansi, mandasi akusambira momwemo. Tinapulumutsa mipando ndi beseni limodzi basi.

Ndikukonzeka kuliza pikapu, ndinangomva chitseko cha mbali inayo chikutseguka. Apongozi anakwera, anamanga lamba, n'kunena kuti ulendo wotsalawu ayenda ndi ine. Poyamba ndinauma gwa, manja pa chiwongolero, maso kutsogolo. Koma mmene timafika ku Kokomo tinali tikucheza za mathirakitala, za mabwana ankhanza a pa esiteti, za mmene anafunsirira malemu apongozi anga aakazi, nkhani zimene ngakhale mwana wawo sankazidziwa. Anandifunsa za kabatire kaja, ndipo nditawafotokozera anati amene anandiphunzitsa zimenezo Mulungu awasunge pabwino. Tinafika ku Lawrence mochedwa, opanda kalavani, opanda thobwa. A Chirwa atamva nkhaniyi sanafunse n'komwe za malo ogona, anangotikumbatira, ndipo mwambo usanayambe abusa anatiimika pakati n'kupereka pemphero lothokoza. Alendo anagona pa kapeti ndi m'mipando, ndipo palibe anadandaula, kupatula amayi a thobwa amene mpaka lero akandiona amandifunsa kuti a Tirafiki, thobwa lathu lija lifika liti?

Kalavani itakonzedwa tinapita limodzi kukaitenga, ine ndi apongozi. Anapempha kuti atsekenso hichi okha, ine ndingokoleka matcheni. Atamaliza anafutuka n'kundiuza kuti, "Tsopano bwerani mudzatsutse ntchito yanga." Ndinagwada, ndinasuzumira, ndinapukusa jeke, ndipo pikapu inanyamuka nayo limodzi. Kenako iwonso anagwada kuyang'ana matcheni amene ndinakoleka ine, n'kupeza kuti imodzi ndaipotokola. Tinaseka mpaka makaniko anatuluka kudzaona chachitika. Anabwerera ku Kasungu chisanu chisanayambe, ndipo masiku ano timaimbirana pa WhatsApp ife awiri, popanda wotumidwa. Ulemu sunathe, ndimanjutabe powapatsa moni, ndipo dzina lawo sindinalitchulepo. Chimene chinatha ndi mantha opanda pake aja.

Ndikakhala pansi kuganiza za tsiku limenelo, oti ndiwathokoze amandichulukira. Mulungu poyamba, chifukwa kumbuyo kwa akazi anga kunalibe thiraki nthawi imeneyo. Madala achizungu aja, amene ndinkawada ndi kuvuta kwawo, koma anaika m'manja mwanga chizolowezi chimene chinagwira ntchito pa tsiku limene mutu wanga unalephera. Mayi a Tadala, amene anaponda buleki n'kukhotera pa udzu m'malo motseka maso, ndipo sindinawasekenso za kudiraiva kwawo. Ndi apongozi, amene akanatha kungokhala chete n'kundisiya ndisenze bodza langa lija, koma anavula ukulu wawo m'mbali mwa msewu n'kunena zoona. Si akuluakulu onse angachite zimenezo.

Tsono inu amene mumakoka kalavani, kaya ngolo yobwereka posamuka nyumba, kaya yonyamulira makina otchetchera udzu, ndimvereni. Amene akudiraiva ndiye azikhala womaliza kukhudza hichi, zilibe kanthu kuti wamanga ndani. Akhale abusa, akhale abwana anu, akhale bambo anu okuberekani, gwadani musuzumire ngati kachitsulo kaja kakola kunsi kwa mpira, tsitsani jeke muyese. Wina akakuitanani ntchito ili pakati, monga ine ndi foni ija, mukabwerako yambiraninso poyamba. Matcheni muzipingasa, ndipo akayamba kudyeka asintheni osadikira. Kawaya ka mabuleki muzikoleka pa galimoto penipeni, osati pa tcheni, ndipo kabatire kaja muzikayesa musananyamuke, chifukwa tsiku limene mudzakafune simudzakhala ndi mpata wofunsa ngati kali ndi moto. Mukayenda pang'ono imani pambali muyang'anenso. Ine ndikanangoima pa mphambano ya kwathu pomwepo n'kunamizira kuti ndikuona matayala, bwenzi nkhani ino kulibe. Ndipo inu akuluakulu, mukagwira ntchito imene simukuidziwa bwino, nenani, palibe angakuchotsereni imvi zanu. Safunsa anadya phula, ndipo pa msewu phulalo sudya wekha.

Tadala tsopano wakula, wayamba kuphunzira kudiraiva, ndipo ndikamuyang'ana ndimadziwa kuti tsiku lina adzatibweretsera mnyamata pakhomo, ine n'kusanduka apongozi. Mwina adzakhala wa kwathu, woleredwa bwino, wodziwa kuyang'ana pansi polankhula ndi akulu. Ndidzamulandira ndi manja awiri. Koma ndakonza kale mawu amene ndidzamuuze tsiku loyamba lomwelo: ukadzaona kuti ndalakwitsa chinthu, mwana wanga ali m'galimoto, udzandikankhire kumbali ukonze. Mwina ndidzapsa mtima, ndidzang'ung'udza, koma zidzatha. Ukadzandiopa n'kukhala chete, Tadala n'kuvulala, umenewo sindidzautcha ulemu, ndipo sindidzakukhululukira.